Alamu ya thanki ikalira pa shifiti yanu, musangoizimitsa

Ngati mumagwira ntchito pamalo omwetsera mafuta kuno ku South Bend, ku Mishawaka kapena ku Indianapolis, kabokosi kaja mumakadziwa. Kamakhala pakhoma kuseri kwa kauntala, kapena m'kachipinda kakumbuyo komwe amasungirako makatoni. Kali ndi timagetsi titatu, kobiriwira, kachikasu ndi kofiira, ndipo nthawi zina kamatulutsa kapepala konga risiti. Masiku ambiri kamangokhala phee. Koma limafika tsiku lina, kawirikawiri pakati pa usiku inu muli nokha, kamayamba kulira.

Ine ndinagwirapo shifiti ya usiku pamalo ena otere nditangofika kumene kuno. Amene anandiphunzitsa ntchito anandionetsa makina a ndalama, a khofi ndi a matikiti a lotale. Titafika pa kabokosiko anangondiuza kuti kakalira ndizidina batani, kasiya. Ndinachitadi zimenezo kwa miyezi ingapo, osadziwa kuti batanilo limangotseka phokoso, pomwe chimene chaliritsa alamu chikadali pansi pa nthaka.

Maganizo anga ndi akuti kabokosi kameneka ndi chipangizo cha zaumoyo, ngati makina oyezera shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Kamateteza mapapo a ogwira ntchito ndi madzi amene tonsefe timamwa. Koma kuti katiteteze, pamafunika zinthu ziwiri. Choyamba, kakhale kuti kanaikidwa ndi munthu amene anaiphunzira ntchitoyo. Chachiwiri, amene ali pakauntala azikamvera. Pa ziwiri zonsezi, munthu amene amapezeka pakati nthawi zambiri ndi mmodzi wa ife: mlongo amene akugwira usiku kuti masana apite kusukulu, m'bale wodziwa zamagetsi amene amaitanidwa pa maganyu, kapena bambo amene wasonkhanitsa ndalama ndi anzake n'kugula kabizinesi ka mafuta.

Madzi amene mumamwa ali pansi pa mathanki

Anthu ambiri akaona mtsinje wa St. Joseph ukudutsa pakati pa tauni ya South Bend amaganiza kuti madzi akumpopi amachokera mmenemo. Sizili choncho. Mzinda wa South Bend umapopa madzi ake m'zitsime. Nthaka ya kuno ndi yamchenga ndi timiyala. Imasunga madzi ambiri, koma imalolanso chilichonse chotayika kutsika msanga. Mu 1988, bungwe la boma loona za chilengedwe la EPA linalengeza kuti madzi apansi a dera lino, otchedwa St. Joseph Aquifer System, ndi gwero limene anthu a kuno amadalira ndipo alibe lina lolowa m'malo mwake likawonongeka. Ku Indianapolis madzi ambiri amachokera mumitsinje ya White River ndi Fall Creek komanso m'damu la Eagle Creek, koma nakonso kuli zitsime. Ndiye pali nyumba zambiri kunja kwa mzinda, monga ku Granger, zomwe zili ndi zitsime zawozawo. Zitsime zimenezi boma siliziyeza mwezi ndi mwezi monga limachitira ndi madzi amumzinda. Mwini nyumba ndiye amayezetsa, ngati wakumbukira.

Mu petulo muli mankhwala otchedwa benzene. Bungwe lofufuza za khansa la IARC, lomwe lili pansi pa WHO, linaika benzene m'gulu la zinthu zomwe n'zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa, makamaka khansa ya m'magazi. Malire a benzene m'madzi akumwa kuno ku America ndi mamiligalamu 0.005 pa lita imodzi. Kuti mumvetse kuchepa kwake, ndi ngati kasupuni kamodzi ka tiyi m'malita miliyoni imodzi. Madzi oterowo amatha kuoneka oyera, ndipo kuwawiritsa monga timachitira kwathu sikuthandiza, chifukwa benzene amangochoka m'madzimo n'kulowa mumpweya wa m'khitchini.

N'chifukwa chake dziko lino lili ndi malamulo okhwima a mathanki apansi. Mathanki akale anali achitsulo chosatetezedwa, ndipo ambiri anachita dzimbiri n'kumadontha kwa zaka popanda wodziwa. Mu 1984 nyumba ya malamulo ya Congress inalamula EPA kuti iyambe kuyang'anira mathankiwa, malamulo ake anatuluka mu 1988, ndipo eni ake anapatsidwa mpaka pa 22 Disembala 1998 kuti akonze mathanki akale, aike atsopano kapena awatseke. Kuno ku Indiana amene amatsata malamulowa ndi nthambi ya IDEM, yomwe likulu lake lili ku Indianapolis ndipo ili ndi ofesi ina konkuno ku South Bend.

Kodi kabokosika kamachita chiyani?

Kwathu ambiri tinaonapo wogwira ntchito pa filing'i akutsegula chivundikiro n'kuviika ndodo yaitali m'thanki kuti aone mafuta otsala. Kabokosika kamagwira ntchito ya ndodo imeneyo, koma usana ndi usiku. Pa Chingerezi amakatcha automatic tank gauge, kapena ATG, ndipo dzina la kampani limene mumaliona kawirikawiri ndi Veeder-Root, ngakhale palinso ena monga Franklin Fueling ndi OPW.

M'thanki iliyonse muli ndodo yoyezera yomwe ili ndi tizinthu tiwiri toyandama. Kamodzi kamayandama pamwamba pa mafuta, kena pamwamba pa madzi amene angakhale atalowa pansi pa thanki. Ndodoyi imayezanso kutentha, chifukwa mafuta amachuluka kukatentha n'kuchepa kukazizira. Palinso masensa. Ena amakhala pakati pa makoma awiri a thanki, chifukwa mathanki atsopano amakhala ngati mphika woikidwa mkati mwa mphika unzake. Ena amakhala m'maenje apulasitiki amene ali pamwamba pa thanki ndi pansi pa mapampu. Madzi kapena mafuta akafika pomwe pali sensa, alamu imalira.

Lamulo limati chipangizo choyeza m'thanki chizitha kuzindikira kudontha kwa magaloni 0.2 pa ola, ndipo kuyezako kuzichitika masiku 30 alionse. Magaloni 0.2 akumveka ngati si kanthu. Koma pang'onopang'ono ndi mtolo: pa tsiku ndi magaloni 4.8, pa mwezi ndi magaloni 144, omwe ndi malita pafupifupi 545. Amenewo ndi pafupifupi madiramu atatu a malita 200 olowa m'nthaka mwezi umodzi. Pa mapaipi otumiza mafuta ku mapampu pamakhalanso chipangizo china chomwe chiyenera kuzindikira kudontha kwa magaloni 3 pa ola. Ndipo galimoto yobweretsa mafuta ikamathira, alamu yochenjeza kuti thanki yatsala pang'ono kusefukira imalira mafuta akafika pa 90 peresenti.

Chipangizo chinalipo, koma sichinathandize

Kumayambiriro kwa 2006, ku Jacksonville m'chigawo cha Maryland, pamalo omwetsera mafuta a Exxon, munthu amene ankakonza zinthu anaboola paipi yapansi mwangozi. Chipangizo chozindikira kudontha chinalipo ndipo chinachenjeza. Amene anabwera kudzaona anachibwezeretsa molakwika, ndipo mapampu anapitiriza kugulitsa. Petulo anadontha kwa masabata oposa asanu, magaloni pafupifupi 26,000, omwe ndi malita pafupifupi 98,000. Anthu a m'deralo amamwa madzi a m'zitsime zawo. Milandu inatenga zaka, ndipo ntchito yopopa ndi kuyeretsa madzi apansi inatenga zaka zoposa pamenepo.

Ku Buncefield, pafupi ndi London, pa 11 Disembala 2005, thanki yaikulu ya pamalo osungira mafuta inasefukira n'kuphulika. Anthu oposa 40 anavulala ndipo moto unayaka masiku angapo. Ofufuza anapeza kuti chipangizo choyeza mafuta m'thankiyo chinaima, osasonyeza kuti thanki ikudzaza, ndipo chinakhala chikuima chonchi kambirimbiri m'miyezi ya m'mbuyomo. Ogwira ntchito anazolowera kuchigwedeza kuti chiyambirenso, vutolo osathetsedwa. Switchi yomwe inayenera kutseka mafuta thanki ikadzaza nayonso sinagwire ntchito, chifukwa cha mmene inaikidwira.

Nkhani ziwirizi zachitikira kutali ndi Indiana, koma zikutiphunzitsa chinthu chimodzi. Konseko sikunasowe makina. Chinavuta ndi kaikidwe, kakonzedwe, ndi anthu amene anazolowera kuona chenjezo ngati chosokoneza ntchito.

Kuika chipangizochi si ganyu

Ife timathandizana, ndipo ndi khalidwe labwino. Galimoto ikafa timaitana m'bale wa kutchalitchi. Magetsi akavuta m'nyumba timadziwa woti timuimbire. Koma abwana akakuuzani kuti mungosintha sensa, mungolumikiza waya, kapena mulowe m'dzenje mukachotse madzi, chonde kanani. Boma la Indiana limafuna kuti oika, oyesa, okonza ndi ochotsa zida za mathanki apansi akhale ndi satifiketi, ndipo makampani opanga zipangizozi amafunanso kuti amisiri akhale ataphunzitsidwa ndi iwo. Zifukwa zake ndi izi.

Chimene chimayaka si petulo wamadziyo koma nthunzi yake. Nthunziyi ndi yolemera katatu kapena kanayi kuposa mpweya, choncho sikwera m'mwamba ngati utsi. Imatsika n'kukhazikika m'maenje, momwemo mmene muli mawaya ndi masensa. Imayaka ikangokwana pafupifupi 1.4 peresenti ya mpweya, ndipo petulo amatulutsabe nthunzi yoyaka ngakhale kutazizira kufika madigiri 40 pansi pa ziro. Kuzizira kwa Januwale kuno sikungakutetezeni. Kamoto kakang'ono kochokera mu dirilo wamba, mu tochi wamba kapena m'makina okokera madzi a m'sitolo n'kokwanira. Ambiri timakumbukira za ku Caphiridzange, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, pa 17 Novembala 2016, pamene galimoto ya mafuta yochokera ku Beira kupita ku Malawi inaphulika anthu akutungamo petulo, n'kupha anthu oposa 50. Petulo wa kuno ndi yemweyo.

Mmisiri weniweni mumamudziwa ndi zimene amachita asanayambe. Amatchinga malo ogwirira ntchito kuti galimoto zisamugunde ali chogwada. Amazimitsa magetsi a pampu ya m'thanki pa bokosi lalikulu, n'kuikapo loko yake ndi chikwangwani, kuti wina asayatse. Amayeza mpweya wa m'dzenje ndi makina. Malamulo a OSHA amati malo otsekeka ndi oopsa ngati mpweya wa okosijeni watsika kuposa 19.5 peresenti, kapena ngati nthunzi yapitirira gawo limodzi mwa magawo khumi a mlingo umene ingayakire. Ngati pakufunika kukumba, amaimba 811 kutatsala masiku awiri athunthu a ntchito, ndipo amafunsanso mapu a mapaipi a pamalopo, chifukwa a 811 sasonyeza mapaipi a mwini malo.

Kaikidwe kake nakonso kali ndi malamulo. Kabokosi kamaikidwa m'nyumba, kutali ndi pomwe pangafike nthunzi. Mawaya opita ku ndodo yoyezera ndi ku masensa amanyamula mphamvu yochepa kwambiri, yoti singatulutse kamoto koyatsa nthunzi, ndiye amayenda m'paipi yawoyawo. Akangosakanizidwa ndi mawaya a magetsi wamba, chitetezo chonsecho chimatha. Paipi ya mawaya imatsekedwa mkati ndi phala lapadera kuti nthunzi isayende nayo n'kukatulukira m'sitolo momwe inu mwaima. Polumikizira mawaya pamamatidwa kuti pasalowe madzi. Sensa imaikidwa pansi penipeni pa dzenje. Kenako mmisiri amauza kabokosi kukula kwa thanki iliyonse ndi mtundu wa mafuta ake, chifukwa toyandama ta petulo ndi ta dizilo n'tosiyana. Alamu yakunja imaikidwa pomwe dalaivala wobweretsa mafuta angaione n'kuimva. Pomaliza amayesa sensa iliyonse kuti aone ngati alamu ikuliradi, n'kusiya mapepala. Ngati kabokosi kalumikizidwa ku intaneti, kamafunika pasiwedi: mu 2015 akatswiri a zachitetezo cha makompyuta anapeza mabokosi otere masauzande angapo kuno ku America ali poyera, oti aliyense akanatha kuwafikira.

M'bale wanu wodziwa zamagetsi angathe kulumikiza waya kabokosi n'kuyaka bwinobwino. Vuto ndi lakuti kabokosi koikidwa molakwika kamaonekanso chimodzimodzi, nyali yobiriwira ikuyaka, aliyense mtima uli m'malo, pomwe pansi pakudontha.

Ndipo mnzanu akakomoka m'dzenje kapena m'thanki, musalowe kukamutulutsa. Kawirikawiri wachiwiri kufa pa ngozi zotere amakhala amene analowa kukapulumutsa. Imbani 911.

Alamu ikalira, chitani izi

Kuyambira pa lamulo la Energy Policy Act la mu 2005, malo alionse omwetsera mafuta amayenera kukhala ndi anthu ophunzitsidwa a magulu atatu, A, B ndi C. Gulu C ndi la munthu amene amakhala pamalopo n'kuyamba kuchitapo kanthu pakagwa zadzidzidzi. Pa shifiti ya usiku, nthawi zambiri munthuyo ndi inu. Ngati simunaphunzitsidwepo, funsani. Safunsa anadya phula.

Mukadina batani lotseka phokoso, musachoke. Werengani zimene zalembedwa, zijambuleni ndi foni muli m'nyumba, ndipo ngati kabokosi kamatulutsa pepala, litulutseni. Mawu akuti LEAK ALARM kapena SUDDEN LOSS akutanthauza kuti mafuta akuchepa m'thanki popanda chifukwa chodziwika. FUEL ALARM ndiye kuti sensa yakhudzidwa ndi zamadzimadzi. HIGH WATER ndiye kuti madzi achuluka m'thanki, ndipo pomwe palowera madzi pangathenso kutulukira mafuta. OVERFILL ndiye kuti dalaivala asiye kuthira nthawi yomweyo. PROBE OUT kapena SENSOR OUT ndiye kuti kabokosi kasiya kumva chipangizo china, ndipo mbali imeneyo ilibe mlonda. Lembani tsiku, nthawi ndi mawuwo m'buku, kenako imbirani manejala. Akapanda kuyankha, tumizani uthenga wolemba kuti pakhale umboni.

Ngati mukuona mafuta akuyenda pansi, mukumva fungo lamphamvu la petulo m'sitolo, kapena galimoto yagunda pampu, dinani batani lalikulu lozimitsira mapampu onse. Muzidziwa pomwe lili musanayambe shifiti yoyamba. Tulutsani anthu, musalole wina kuliza galimoto pafupi, ndipo imbani 911 muli patali. Musatsukire mafuta m'ngalande ndi madzi. Lamulo limati mwini malo auze boma pasanathe maola 24 ngati pali chikaikiro choti mafuta akudontha, komanso ngati atayika oposa magaloni 25. Nambala ya IDEM yolandira malipoti a zotayika usana ndi usiku ndi 888-233-7745.

Samaliraninso thupi lanu. Kupuma nthunzi ya petulo kumayambitsa mutu, chizungulire, nseru ndi kusokonezeka maganizo. Mukamva zimenezi tulukani kumphepo, ndipo zikapanda kusintha pitani kuchipatala n'kuwauza kuti mwapuma petulo kuntchito. Zovala zothiridwa petulo zivuleni, sambani ndi sopo, ndipo muziyanike panja. Musaziike m'makina oumitsira zovala. Wina akameza petulo musamusanzitse, chifukwa timadontho tikalowa m'mapapo timayambitsa chibayo choopsa. Imbani nambala ya othandiza pa zapoizoni, 1-800-222-1222. Ndi yaulere ndipo amapeza womasulira. Ngati muli ndi pakati, auzeni a kusikelo mtundu wa ntchito imene mumagwira.

Nanga ntchito yanga?

Ndikudziwa zimene ena mukunena mumtima. Choyamba n'chakuti alamuyi imangolira zachabe. N'zoona kuti nthawi zambiri amene wailiritsa ndi madzi. Kuno kumagwa sinowo wambiri wochokera ku nyanja ya Michigan, ndipo akamasungunuka cha mu Malichi madzi amalowa m'maenje, masensa ambiri osatha kusiyanitsa madzi ndi mafuta. Koma inu muli pakauntala simungadziwe kuti lero ndi madzi kapena petulo. Komanso dzenje lomwe likulowa madzi ndi lowonongeka kale ndipo likufunika kukonzedwa. Chinyengo chofala ndi kukweza sensa m'mwamba kuti isiye kuvuta. Oyendera a boma amachidziwa ndipo amachiyang'ana. Wina akakutumani kuti mukweze sensa, akukutumani kuti mutseke mlonda maso.

Chachiwiri n'chakuti abwana akwiya, ndipo ntchito ndi imene ikulipira lendi ndi fizi ya ana kumudzi. Mantha amenewa sindikuwapeputsa. Tinaleredwa kuti wamkulu sayankhidwa, ndipo m'dziko la eni timaopa kuoneka ovuta. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Malamulo a chitetezo cha pantchito amateteza wogwira ntchito aliyense, posatengera kumene anachokera. Kuno ku Indiana amene amaona zimenezi ndi IOSHA, yomwe ili pansi pa nthambi ya zantchito ya boma. Mungathe kudandaula n'kupempha kuti dzina lanu lisaululidwe kwa abwana. Akakuchotsani kapena kukuchepetsani maola chifukwa chonena za chitetezo, muli ndi masiku 30 okha oti mukadandaule, choncho musachedwe. Ngati nkhani ya mapepala anu ikukudetsani nkhawa, kambiranani ndi loya kapena bungwe lothandiza anthu obwera musanayambe, koma alamu yokha ilembeni m'buku ndi kuinena tsiku lomwelo.

Ndipo si abwana onse amene amakwiya. Mwini malo wanzeru amadziwa kuti wogwira ntchito amene wamudzutsa usiku wamupulumutsira ndalama zambiri. Wakutsina khutu ndi mnansi. Simukufunika kukangana ndi munthu. Mungonena mwaulemu kuti alamu yalira nthawi yakuti, yalemba zakuti, mwalemba m'buku, ndipo mukupempha kuti aitane mmisiri.

Kwa eni malo ndi okhala pafupi

Ngati mukufuna kugula malo omwetsera mafuta, dziwani kuti mukugulanso zonse zimene zili pansi pake. Musanasaine, funsani zaka za mathanki, ngati ali a makoma awiri, ndi mapepala onse a mayeso. Malamulo amene EPA inakonzanso mu 2015 amafuna kuti masiku 30 alionse wina aziyendera zida zozindikira kudontha ndi mabeseni olandira mafuta otayika pothira, kuti chaka chilichonse kabokosi, ndodo zoyezera ndi masensa ziziyesedwa, ndiponso kuti zaka zitatu zilizonse mabeseniwo ndi zida zoletsa kusefukira ziziyesedwa. Boma limayendera malo alionse kamodzi pa zaka zitatu, ndipo lili ndi mphamvu yoletsa kuti mafuta asathiridwenso m'thanki yomwe sikutsata malamulo. Ogulitsa mafuta amayeneranso kusonyeza kuti angathe kulipira mpaka madola miliyoni imodzi pa ngozi imodzi. Indiana ili ndi thumba lothandiza pa ntchito yoyeretsa, lotchedwa Excess Liability Trust Fund, koma lili ndi zofunika kukwaniritsa, ndipo silinakhazikitsidwe kuti lilowe m'malo mwa kusamala. Mmisiri wa satifiketi ndi wodula, n'zoona. Koma madzi akatayika saoleka, ndipo petulo akalowa m'madzi apansi ntchito yomuchotsa imatenga zaka. Kutuma wachibale wopanda maphunzirowo chifukwa ndi wotchipa ndi kuika moyo wake pachiswe pofuna kusunga ndalama zanu.

Ngati mumangokhala pafupi ndi malo otere, inunso muli ndi zochita. Mapu a EPA otchedwa UST Finder amasonyeza pa intaneti pomwe pali mathanki ndi pomwe panadonthapo. IDEM nayo imaika makalata ndi malipoti ake poyera pa tsamba lotchedwa Virtual File Cabinet. Musanachite lendi kapena kugula nyumba, funsani ngati madzi ake ndi amumzinda kapena a pachitsime. Ngati ndi a pachitsime ndipo pafupi pali malo omwetsera mafuta, kapena panali kale, funsani ofesi ya zaumoyo ya St. Joseph County kapena ya Marion County komwe mungayezetse, ndipo nenani kuti mukufuna ayezenso benzene, chifukwa mayeso wamba a tizilombo samuona. Madzi akayamba kununkha petulo, siyani kumwa, kuphikira ndi kusamba. Mukamva fungo la petulo m'chipinda chapansi pa nyumba popanda chifukwa, musayatse kapena kuzimitsa magetsi. Tulutsani ana, kenako imbani 911 muli panja.

Pempho langa ndi laling'ono. Pa shifiti yanu yotsatira, pitani pa kabokosi kaja muone ngati nyali yachikasu kapena yofiira ikuyaka. Pezani batani lozimitsira mapampu. Funsani manejala kuti ndani amaimbidwa alamu ikalira, ndipo nambalayo muilembe pakhoma. Kenako, mnzanu wina wochokera kwathu akadzayamba ntchito inu n'kupatsidwa kuti mumuphunzitse, mudzamuuze zambiri kuposa zimene ine ndinauzidwa.